Zoyenera Kuganizira Musanagule Galimoto ya Liwiro Yoyendapo Kale Kuno ku Zomba

Galimoto ya liwiro, imene ambiri timaitchula ndi dzina lakuti sports car, imakopa maso ngakhale a munthu amene alibe chidwi ndi za magalimoto. Ikaima pamalo omwetsera mafuta m'tauni ya Zomba, anyamata a kabaza amaiwala kwa kanthawi kuitanira okwera n'kuyamba kuizungulira, wina kusuzumira pawindo kuti aone pamene muvi wa liwiro umathera, wina kugwada kuti aone kukula kwa malimu. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene amazikonda galimoto zimenezi ndi mtima wonse, choncho cholinga changa si kukufooketsani ayi, koma kukuthandizani kuti mukagula muzikaiyendetsa, osati kumangoiyang'ana ili pamiyala kuseri kwa nyumba.

Kusiyana kwa galimoto yotere ndi Corolla kapena Sienta yoyendapo kale kuli pawiri. Munthu amene anaigula ili yatsopano anaigulira kuti aziithamangitsa, ndiye kuti injini, kilatchi, mabuleki ndi matayala ake zakhala zikugwira ntchito yolemetsa kuposa mmene makilomita olembedwa pa dashibodi akusonyezera. Komanso anthu amene anaipanga ankaganizira misewu yosalala, petulo wamphamvu ndi sitolo ya masipeya imene ili pafupi, zinthu zimene kwathu kuno sizipezeka zonse pamodzi. Motero mafunso oyenera kukhala nawo m'mutu kuyambira tsiku loyamba ndi akuti: kodi mwini wake wakale ankaisamala motani, nanga mzinda wathu uno ungathe kuisunga? Kuwala kwa penti ndi kulira kwa ekizozi siziyankha ngakhale funso limodzi mwa awiriwa, pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yambirani pachipata cha nyumba yanu

Musanaimbire foni wogulitsa aliyense, yendani wapansi kuchokera pamene phula lathera kukafika pachipata chanu, ndipo muuyang'ane msewuwo ndi maso a munthu amene galimoto yake yakhala pafupi kwambiri ndi nthaka. Toyota 86, imene inatuluka mu 2012 pamodzi ndi mnzake wofanana nayo Subaru BRZ, ili ndi mpata wa mamilimita pafupifupi 130 okha pakati pa mimba yake ndi msewu, mpata umene sufika ngakhale pa utali wa foni zambiri za m'manja mukaziimika. Msewu wa M3 wopita ku Blantyre kapena ku Liwonde galimoto yotere imauyenda bwinobwino, koma ambirife sitikhala m'mbali mwa M3. Tinjira tambiri tolowera m'makomo ku Chikanda, ku Sadzi, ku Mpondabwino ndi ku Chinamwali n'tafumbi, ndipo madzi otsika m'phiri nthawi ya dzinja amatikumba n'kusiya ngalande ndi miyala yotuluka mitu. Mwala umodzi ukagunda poto wa oyilo pansi pa injini, oyilo yense amathera pansi m'mphindi zochepa, ndipo mukapitiriza kuyenda osadziwa, injini yathera pomwepo. Nawo mahampu amafuna kuwakwera mopingasa ndi modekha kwambiri, tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene mwachedwa ku ntchito. Ngati mwini wake wakale anaitsitsanso galimotoyo poika masipuling'i aafupi, monga mmene achinyamata ambiri a ku Japan amachitira, werengeranitu ndalama zoibwezera pa msinkhu wake wa ku fakitale.

Matayala nawo ali ndi nkhani yawo. Pa Toyota 86 yambiri pamakhala matayala a 215/45R17, ndipo nambala 45 ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi magawo 45 pa magawo 100 a m'lifupi mwake, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 97. Tayala la 195/65R15 limene timaliona pa galimoto wamba lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 127. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma mukagwera m'dzenje la m'mphepete mwakuthwa usiku, tayala lalifupi khoma limatsinidwa pakati pa limu ndi phula, limatupa m'mbali kapena kung'ambika, ndipo nthawi zambiri limu nalo limapindika. Funsani mtengo wa matayala anayi a saizi imeneyo musanagule galimoto, ndipo mutsegule buti kuti muone ngati muli tayala lapadera, chifukwa galimoto zambiri za mtundu uwu zinatuluka ku fakitale ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi.

Chachiwiri chimene Zomba ayenera kukupatsani ndi mafuta. Injini zambiri za galimoto za liwiro zochokera ku Japan zinapangidwira petulo wa octane yapamwamba, ndiye kuti wosaphulika msanga akapanikizidwa mu injini, ndipo zimenezi zimalembedwa pakapepala komatidwa kuseri kwa chitseko cha thanki. Kapepalako kamakhala m'Chijapanizi, koma foni yanu ikhoza kukumasulirani. Pamapampu athu simusankha mtundu wa petulo, mumathira amene alipo, amenenso amakhala wosakaniza ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Injini imene siinasinthidwe ili ndi kachipangizo komva kugogoda kwa m'kati, ndipo kompyuta ya galimoto imachepetsa mphamvu pang'ono kuti iziteteze. Vuto lalikulu lili pa injini ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imene wina anaisintha kompyuta kuti izitulutsa mphamvu zoposa za ku fakitale, chifukwa yoteroyo inakonzedwera petulo amene kuno simudzamupeza, ndipo ikhoza kuswa mapisitoni mukungokwera chitunda. Kumbukiraninso masiku aja amene tinkagona pamizere ya mafuta: galimoto yomwa kwambiri imakubwezani pamzere msanga kuposa anzanu.

Pamapeto pake, fufuzani makaniko ndi masipeya galimoto musanaigule, osati itawonongeka. Pitani kwa makaniko amene mumamudalira, mumutchulire dzina la injiniyo, ndipo mumufunse mosapita m'mbali ngati anaitsegulapo. Blantyre ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera kuno, ndipo ku Limbe ndi ku Ndirande kumapezeka masipeya ambiri a Toyota ndi Nissan, koma chipangizo cha galimoto yosowa chimafuna kuitanitsa ku South Africa, ku Dubai kapena ku Japan, n'kudikira masabata angapo. Zoitanitsa kunja zimayendera ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira mmene mitengo inadumphira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ine ndimalangiza kuti ngati ndalama zimene muli nazo zikungokwana mtengo wa galimoto popanda chotsala, ndiye kuti nthawi yogula siinakwane.

Iliyonse ili ndi pofookera pake

Toyota 86 ndi Subaru BRZ ndi zimene ndimaziona zoyenera kwambiri munthu amene akuyamba kumene. Injini yake ndi ya malita 2.0 yopanda turbo, mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, ndipo imagwiritsa ntchito tcheni m'malo mwa lamba wa timing. Chofunika kufunsa n'chakuti zimene zinapangidwa mu 2012 ndi 2013 kampani inaziitanitsa mu 2018 kuti zikasinthidwe timasipuling'i ta mavalavu timene tinkatha kuthyoka, choncho funani umboni wakuti ntchitoyo inachitika. Mazda MX-5, imene ku Japan imatchedwa Roadster ndipo inayamba kupangidwa mu 1989, ndi yopepuka komanso yosavuta kukonza, koma denga lake lansalu limafuna kuliyang'anitsitsa mumzinda wamvula ngati uno. Timabowo totulutsira madzi tikatsekeka ndi zinyalala, madzi amadikha m'munsi mwa zitseko ndipo dzimbiri limadya kuchokera m'kati. Nissan Fairlady Z, kaya ndi 350Z ya malita 3.5 kapena 370Z ya malita 3.7, ndi yolimba, koma imamwa mafuta ndipo msonkho wake polowa m'dziko ndi waukulu.

Subaru Impreza WRX imakoka ndi matayala onse anayi, chimene chili chabwino m'dzinja, koma chimafuna kuti matayala onsewo akhale ofanana saizi ndi kutha kwake, apo ayi magiya ogawa mphamvu amavutika mpaka kuwonongeka. Injini zake zakale zimayendera lamba wa timing amene amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo ku Japan amakonda kumata kapepala pafupi ndi injini kosonyeza pamene anasinthira. Kapepalako kakasowa, ingoganizani kuti sanasinthe. Volkswagen Golf GTI ya giyabokosi ya otomatiki yotchedwa DSG ya magiya 6 imafuna oyilo wa giyabokosi watsopano pa makilomita 60,000 alionse, ndipo eni ake ambiri amadumpha ntchito imeneyi chifukwa ndi yodula. Toyota Altezza ndi Mark X si galimoto za liwiro zenizeni, koma nazonso zimakoka ndi matayala akumbuyo, zili ndi zitseko zinayi, ndipo makaniko ambiri amazidziwa. Munthu wa banja asazinyoze.

Pa Mazda RX-8 ndiima pang'ono, chifukwa ndi imene imanyenga anthu ambiri ndi mtengo wake wotsika. Inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012, ndipo injini yake ilibe mapisitoni okwera ndi kutsika ngati injini zina zonse. M'malo mwake muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu zimene zimazungulira m'kati, ndipo kumapeto kwa ngodya iliyonse kuli kachitsulo kotseka mpweya. Injiniyi inapangidwa kuti iziwotcha oyilo pang'ono mwadala pofuna kufewetsa tizitsulo timeneti, choncho mwini wake amene sankayang'ana oyilo pafupipafupi anaipha pang'onopang'ono osadziwa. Pamapepala imalembedwa kuti ndi ya malita 1.3, koma imamwa mafuta ngati injini yaikulu kawiri. Tizitsulo tija tikatha, injini imataya mphamvu yopanikizira mpweya, ndipo chizindikiro chake n'chosiyana ndi chimene tinazolowera: imalira bwino m'mawa kukuzizira, koma ikatentha imavuta kudzuka.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga chaka china pamene ndinaperekeza mlamu wanga kukaona RX-8 yofiira ku Matawale, titatenga makaniko wachikulire amene wakhala akutikonzera galimoto zaka zambiri. Galimotoyo inali yowala ngati yatsopano, ndipo inalira kamodzi kokha titangotembenuza kiyi. Tinaiyendetsa mpaka ku Chinamwali n'kubwerera, mlamu wanga nkhope ili mwee. Titafika pabwalo, mwini wake anaisiya ikulira n'kuyamba kukamba za mtengo. Makaniko uja anapukuta manja ndi kansalu kake, nati, "Achimwene, tathimitsani kaye injiniyo, timve bwino zimene mukunena." Mwini wake anazengereza koma anathimitsa. Patapita mphindi zisanu makaniko anapempha mlamu wanga kuti ailizenso, ndipo sitata inazungulira nthawi yaitali, injini ikungotsokomola, mpaka inadzuka pa ulendo wachitatu. Tili m'njira kubwerera, makaniko anangoti, "Alamu anu akanagula injini yofuna kutsegula." Kuti mutsimikize za injini ya mtundu umenewu pamafunika chida chake chapadera choyezera mphamvu ya mpweya, ndipo chida wamba cha injini za mapisitoni sichipereka yankho lokwanira.

Tsiku lokaona galimoto

Pitani m'mawa, kunja kukuwala, mvula isakugwa, chifukwa madzi ndi mdima zimabisa zilema za penti. Muuzeni wogulitsa kuti asailize galimotoyo inu musanafike, ndipo mukafika gwirani boneti ndi dzanja. Ikakhala yofunda, funsani chifukwa chake ndipo mupangane tsiku lina, pakuti injini ya mapisitoni imaulula matenda ake m'masekondi oyamba ikadzuka ili yozizira: kugogoda, kulira kwa tcheni, utsi. Wina aime kumbuyo pamene mukuliza. Utsi wabuluu motuwa ndi oyilo amene akupsa, utsi woyera wochuluka umene sukutha injini itatentha ndi madzi amene akulowa mosayenera, ndipo wakuda ndi petulo wopitirira muyeso. Kanthunzi koyera ka m'mawa wa mu June kuno ku Zomba n'kachibadwa, kamatha pakapita mphindi zochepa.

Tsegulani chivindikiro cha oyilo ndipo muyang'ane kunsi kwake. Mukapeza zinthu zoyera ngati chambiko, n'kutheka kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, chimene chimachitika kawirikawiri injini ikapsa gasiketi chifukwa chotentha mopitirira. Yang'anani madzi a mu ladiyeta injini ili yozizira. Ayenera kukhala ndi mtundu wa mankhwala ake, osati madzi apampopi ofiira ndi dzimbiri. Musakondwere ndi injini yotsukidwa mpaka kunyezimira, chifukwa sopo amachotsa umboni wa pamene oyilo amadontha. Tembenuzani kiyi osaliza injini, ndipo muone ngati nyali zochenjeza za injini, za mabuleki a ABS ndi za airbag zayaka zonse, kenako n'kuzima injini ikalira. Nyali imene siikuyaka n'komwe mwina inachotsedwa dala. Makaniko wanu abwere ndi kachipangizo kolumikiza ku kompyuta ya galimoto, chifukwa kamatha kuonetsa ngati wina wafufuta zolakwika posachedwapa.

Galimoto za liwiro zimachita ngozi kawirikawiri kuposa zinzake, choncho thupi lake lifunika nthawi. Yendetsani chala m'mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi mapiko, ndipo mbali ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere. Yang'anani mitu ya mabawuti ogwira mapiko ngati penti yake inakandika ndi sipanala. Tukulani kapeti wa mu buti, muone ngati chitsulo cha pansi chili ndi makwinya kapena zowotcherera zatsopano. Kamaginito kokutidwa m'nsalu kamathandiza kupeza pamene anamatapo phala lobisira zipsera, koma dziwani kuti boneti ya Toyota 86, ya RX-8 ndi ya 350Z ndi ya aluminiyamu, ndipo maginito sagwira pamenepo ngakhale palibe cholakwika. Ipititseni galimoto pa dzenje la pa galaja ndipo mulowe pansi ndi tochi. Zochokera kumadera achisanu a ku Japan monga Hokkaido zimakhala ndi dzimbiri chifukwa cha mankhwala amchere amene amathira m'misewu, ndipo zimene zayenda kuno zimakhala ndi mabala a mahampu ndi miyala. Ngati galimotoyo inali kale kuno kumwera mu March 2023 pamene namondwe Freddy anagwa, nunkhizani makapeti, muone njanji za mipando ngati zachita dzimbiri, ndiponso mufufuze matope ouma m'malo obisika, chifukwa galimoto yomira imavutitsa ndi zamagetsi moyo wake wonse.

Pali zizindikiro zina zosonyeza kuti galimoto inkapita ku mabwalo a mpikisano kapena inkazunguliridwa potsetsereketsa matayala: timabowo ta mabawuti pansi pa mipando pamene panali zitsulo zotetezera, mamita owonjezera omatidwa pa dashibodi, madisiki a mabuleki osanduka abuluu chifukwa cha kutentha, ndi matayala osungunuka m'mphepete. Pakhoma la tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lakale limauma n'kuleka kugwira phula ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. Kwa ine, galimoto ya makilomita ambiri imene ili monga inatulukira ku fakitale, yokhala ndi malisiti a oyilo, ndi yabwino kuposa ya makilomita ochepa imene yasinthidwa ponseponse ndi munthu amene simudzamuona.

Ikwezeni phiri

Anthu a ku Zomba tili ndi mwayi umene ogula a m'mizinda ina alibe, ndiwo msewu wokwera ku Ku Chawe. Kuzungulira m'tauni mphindi khumi sikuulula kanthu, koma chitunda chimenechi chimafunsa galimoto mafunso onse, ndipo sipafunika kuthamanga kuti mumve mayankho. Zimitsani wailesi, tsitsani windo. Pokwera, diso lanu lisachoke pa muvi wa kutentha, umene uyenera kufika pakati n'kukhazikika pomwepo. Ngati ndi ya magiya apamanja, ikani giya yapamwamba liwiro lili lochepa n'kuponda mafuta. Injini ikakwera mawu koma galimoto osawonjezera liwiro, kilatchi yatha. Giya yachiwiri ndi yachitatu zilowe popanda kukukuta, chifukwa ndi zimene zimavulala msanga m'manja mwa woyendetsa waukali. Ya turbo ikoke mosadukiza, popanda kulira ngati mluzu wakuthwa kapena kusiya utsi kumbuyo. M'makona mvetserani kugunda kwa pansi ndi kung'ung'udza kochokera kumbuyo, kumene kumasonyeza mashoko, mabushi kapena difu (magiya ogawira mphamvu ku matayala) yotopa.

Mukafika pamwamba, imani, thimitsani injini, dikirani mphindi zisanu, muyang'ane pansi ngati pakudontha kanthu, kenako muilizenso. Potsika gwiritsani ntchito giya yotsika ndipo musiye mafuta kwa kanthawi, ndiye mukapondanso mnzanu ayang'ane kumbuyo. Utsi wabuluu ukatuluka panthawi imeneyi, oyilo akudutsa m'mavalavu. Buleki ikhale yolimba kuyambira pamwamba mpaka pansi, osanjenjemeretsa chiwongolero, osakokera mbali imodzi. Chonde kumbukirani kuti msewu umenewu ndi wopapatiza, ndipo mumayenda amayi osenza nkhuni, anyamata otsitsa mitolo ya nkhuni panjinga ndi ana ogulitsa zipatso m'mbali mwa njira. Amenewa amatulukira pakona mosayembekezereka, choncho kuyesa galimoto kusasanduke mpikisano. Wogulitsa amene akukana kuti galimoto yake ikwere phiri, inu mutadzipereka kuthira mafuta, wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Mapepala ndi ndalama

Ngati galimoto ili kale m'dziko muno, yambani ndi bulubuku. Dzina lolembedwamo lifanane ndi la pa chiphaso cha munthu amene akukugulitsani, ndipo nambala ya chasisi ndi ya injini muziwerenge nokha pachitsulo, chilembo ndi chilembo. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimakhala ndi nambala yaifupi yoyamba ndi zilembo za mtundu wake, monga ZN6 pa Toyota 86, osati ya zilembo 17 ngati za ku Ulaya, choncho zimenezo zisakudabwitseni. Chimene chiyenera kukudabwitsani ndi malo a nambala amene akuoneka opalidwa, owotcherera kapena opakidwa penti yatsopano. Wogulitsa akanena kuti bulubuku lili kwa m'bale wake ndipo libwera mawa, dikirani mawalo ndalama zili m'thumba mwanu, chifukwa nthawi zambiri buku lotero limakhala lili kwa wobwereketsa ndalama ngati chikole. Pemphani mapepala a bungwe lotolera misonkho la MRA osonyeza kuti msonkho unalipiridwa wonse. Galimoto imene inalowa mwa chilolezo chosalipira msonkho siigulitsidwa wamba popanda kudzera ku MRA, ndipo ngongole yake ikhoza kugwera inu. Apolisi ali ndi njira yotsimikizira kuti galimoto si yobedwa, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri pa zochokera ku South Africa. Kusintha umwini ku Road Traffic mupite nonse awiri ndi wogulitsa, osatumiza madobadoba, ndipo muonenso tsiku limene COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha.

Ngati mukuitanitsa ku Japan, pemphani pepala la ku okushoni, limene woyeza wa kumeneko amalembapo maonekedwe a galimoto. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofuna kukonza, pamene R kapena RA ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pachithunzi cha galimoto pamakhala zilembo: A ndi zokandika, U ndi malo opindikira m'kati, W ndi malo okonzedwa amene penti yake ili ndi mafunde, XX ndi chitsulo chosinthidwa. Chikalata chotulutsira galimoto ku Japan chimasonyezanso makilomita amene analembedwa pamene galimotoyo inkayezedwa ndi boma, ndipo mukachifananiza ndi dashibodi mumadziwa ngati wina anabweza mita. Mtengo umene mukuuona pa intaneti, ngakhale utaphatikiza zolipira sitima, nthawi zambiri umathera padoko la Dar es Salaam. Pamwamba pake pali zolipira padoko, wothandiza kuombola katundu, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kudzera pa chipata cha Songwe, ndi misonkho ya MRA, imene imakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Funsani ku MRA kapena kwa woombola katundu wovomerezeka kuti akuwerengereni musanatumize ndalama iliyonse. Galimoto yotsika ngati imeneyi ndi bwino kuikweza pa lole yonyamula magalimoto kusiyana ndi kuipereka kwa dalaivala amene akuthamangira kubwerera kudoko kukatenga ina. Ndipo mukalandira uthenga wonena kuti akaunti ya kampani yasintha, imbani foni pa nambala imene munali nayo kale musanalipire, chifukwa akuba ambiri amalowera pamenepo.

Inshulansi yolipirira anthu ena ndi yokakamizidwa ndi lamulo, koma pa galimoto imene nyali yake imodzi ikufuna kuitanitsa kunja, ganizirani yoteteza galimoto yonse, ndipo mufunse mtengo wake musanagule, mutawauza zoona za zonse zimene zinasinthidwa. Polipira, dutsirani ku banki kuti pakhale umboni, ndipo mulemberane kalata ya mgwirizano yokhala ndi nambala ya chasisi, mtengo, tsiku ndi mboni ziwiri. Pemphani makiyi onse awiri, chifukwa kiyi wa galimoto zamakono amafuna kulumikizidwa ndi kompyuta ndipo simungangomudulitsa pamsika.

Galimoto ikafika pakhomo, sabata yoyamba ikhale ya ku galaja ngakhale wogulitsa atalumbira kuti anaichita sevisi dzulo. Sinthani oyilo wa injini ndi sefa yake pogwiritsa ntchito mtundu wolembedwa m'buku la galimotoyo, oyilo wa giyabokosi ndi wa difu, mafuta a mabuleki, madzi a mu ladiyeta, ndiponso lamba wa timing ngati ilinaye ndipo mulibe umboni wakuti anasinthidwa. Pemphani makaniko akuikireni chitsulo chotchinga pansi pa injini. Ngati simunayendetsepo galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, musazimitse batani lothandiza kuti isaterereke, makamaka mvula yoyamba ya mu November ikagwa pa phula lodzaza fumbi ndi oyilo, pamene kuponda mafuta mwamphamvu potuluka pakona kumatembenuza galimoto kuyang'ana kumene yachokera. Gulani kabuku kakang'ono kokhala m'galimoto momwemo, ndipo patsamba loyamba mulembe tsiku, makilomita a pa dashibodi ndi zonse zimene makaniko wasintha sabata imeneyo.